Mtembo Suyenda

Lolemba, 2 Juni

Kope ili andipatsa anesi. Akuti poti mawu sakutuluka, ndizilemba zimene ndikufuna, kaya madzi kaya kuchimbudzi. Ndizilembamonso zina, nthawi kuno siyenda.

Ndinabwera Lachisanu. Ndapsa dzanja lamanzere kuyambira ku zala mpaka pachigongono, ndi phewa la mbali yomweyo. Utsi unandiwotcha kukhosi. Andiika dilipi ndi timapaipi ta mpweya m'mphuno. Jakisoni wa ululu m'mawa ndi madzulo.

Ndimasoka makolala a malaya pafakitale ya mayunifolomu. Fakitaleyo inapsa. Onse anatuluka bwinobwino kupatula ine.

Lachiwiri, 3 Juni

Kutsuka mabala. Amayamba akunyowetsa bandeji ndi madzi a mchere kuti imatuke, kenako amachotsa khungu lakufa ndi kachitsulo, n'kupaka mankhwala oyera ngati mafuta a mkaka. Ndinaluma pilo.

Bedi la kumanja kuli mayi wina amene anapsa miyendo ndi mafuta okazingira tchipisi. Anesi amawatcha a Wailesi, eni akenso amavomera. Sasiya kulankhula ngakhale ali ndi choyezera kutentha m'kamwa. Atandiona ndikuluma pilo anati, "Lira mtsikana iwe, pilo ameneyo ndi wa boma, ukamudya ulipira." Ndinafuna kuseka, kukhosi kunakana.

Lachitatu, 4 Juni

Andijambula chifuwa. Adokotala akuti mapapo sanawonongeke kwambiri, koma ndisakakamize mawu. Ndizidya mazira ndi kumwa mkaka kuti khungu limere.

Amayi abwera ndi tiyi m'fulasiki ndi mazira owiritsa. Anakhala m'mphepete mwa bedi nthawi yaitali akusenda dzira limodzi. Kenako anati, "Mwana wanga, kodi n'zoona kuti unagona?"

Ndinawayang'ana.

"Akutero kuntchito kwanu. Akuti belu likulira, iwe unali m'tulo kuseri kwa nsalu. Nkhani yafika mpaka pampopi, ndikulephera kukatunga madzi."

Ndinalemba pakope kuti AYI. Amayi sawerenga bwino, koma ayi ameneyo anamuona. Dzira sindinadye.

Lachinayi, 5 Juni

Lero mphamvu zilipo, ndiye ndilembe zonse mwandondomeko.

Kuntchito dzina langa ndi Malemu. Linabwera chonchi. Chaka chilichonse kumabwera bambo wophunzitsa za moto. Timangowati a Chisoti, chifukwa chisoti chawo chachikasu savula ngakhale pomwa tiyi. Amazungulira fakitale yonse, kuona mawaya, kugwedeza mabotolo ofiira ozimitsira moto, kuloza apa ndi apo. Akatero timayeserera kuthawa moto. Belu likalira aliyense amasiya makina, kutsata mivi yobiriwira ya pakhoma, kukaima pabwalo, a Kapitawo n'kuwerenga mitu. Pamapeto bwana amalandira satifiketi yopachika mu ofesi.

Koma a Chisoti amafuna kuti munthu mmodzi azitsala m'kati ngati wakomoka, kuti abambo awiri a machira aphunzire kupulumutsa munthu. Chaka changa choyamba a Kapitawo anayang'ana mzere wathu n'kuti, "Tengani kaduu aka. N'kopepuka, komanso sikadandaula." Anthu anaseka. Ine ndinayang'ana pansi.

Malo anga ndi mosungira nsalu, kuseri kwa mabelo. Anasankha a Chisoti eni ake. Anati, "Chipinda choopsa kuposa zonse pafakitale pano ndi chino. Zenera mulibe, nsalu zadzaza, kuseri kwa khoma ili kuli maayironi. Ndiye wovulala wathu azigona muno." Amayatsanso zigamba m'chitini pakhomo kuti pakhale utsi, zizioneka zenizeni. Ine ndimagona chagada, kutsinzina, kudikira. A machira akabwera amandifunditsa bulangete mpaka kumaso n'kundinyamula. Ndimatsegula maso tili kale pabwalo, anthu akuwomba m'manja.

Chaka chachiwiri utsi wa m'chitini unanditsamwa, ndinadzuka n'kusuzumira pakhomo. A Chisoti anakuwa pamaso pa onse kuti, "Mtembo suyenda! Waononga zonse, tiyambirenso!" Tinabwereza pa nthawi ya nkhomaliro. Anthu anagwira ntchito ndi njala masana onse, ndipo sabata yonse palibe anandilankhula.

Sabata yatha Lolemba a Kapitawo anati, "A Chisoti abwera sabata ino mwadzidzidzi, tsiku sananene. Malemu, belu likangolira, ku malo ako. Ukadzukanso ngati chaka chija, ukadzukire kwanu."

Lachisanu masana belu linalira. Ndinazimitsa makina, ndinapita ku malo anga, ndinagona, ndinatsinzina. Utsi unabwera, ndinati ndi chitini. Ndinatsokomolera m'malaya kuti ndisamveke. Ndinadikira a machira. Khoma litayamba kutentha kumsana m'pamene ndinadziwa.

Khomo lothawira moto akuti lili pafupi ndi chipinda chimenecho. Ndadutsapo zaka zonsezi, koma ndili pamachira, bulangete kumaso. Sindinalionepo. Ndinathamangira khomo limene ndimalidziwa, lolowera m'mawa, kumene kunali moto. Ndinagwira chogwirira chachitsulo. Zina sindikukumbuka.

Ndiye akuti ndinagona tulo.

Lachisanu, 6 Juni

Thupi latentha. Awonjezera mankhwala m'dilipi. Sindilemba zambiri.

Loweruka, 7 Juni

Abwera a Sizasi, mayi wodula nsalu kuntchito kwathu. Ndi aakulu thupi ndi mawu omwe. Abweretsa malalanje. Atandiona anati, "Malemu, nthabwala ija waitengera patali bwanji?" Kenako analira, a Wailesi n'kuwabwereka kansalu.

Andiuza za pabwalo. Akuti a Kapitawo anawerenga mitu, panaperewera mmodzi, iwo n'kunena kuti, "Takwana." Zaka zonsezi powerenga pamaperewera mmodzi, ndiye kuperewera mmodzi kunasanduka kukwana. A machira anali ataima pomwepo, machira awo atatsala m'kati. Denga likufuka, anthu akuonerera. A Sizasi ndi amene anati, "Kodi Malemu ali kuti?" A Kapitawo anayankha osaganiza n'komwe kuti, "Ali ku malo ake." Atamva zimene pakamwa pawo panena, akuti anakhala pansi pafumbi.

A Sizasi ndiwo anauza ozimitsa moto chipinda chake. Anandipeza m'khonde.

Ndinalemba kuti, nanga bwanji simukunena? Anawerenga n'kupumira m'mwamba. "Ndili ndi ana, mwanawe. Bwana anatiitana tonse, anati wofuna ntchito pamalo atsopano sakudziwa kanthu. Ine pakamwa panga n'papakulu koma mphika wanga ndi waung'ono."

Sindikuwada. Koma anthu onse aja amadziwa kumene ndinali ndi chifukwa chake. Onse.

Lamulungu, 8 Juni

A Kapitawo abwera ndi nthochi m'jumbo, atavala jekete la kutchalitchi. Anapatsa moni wodi yonse ngati phungu.

Anakokera mpando pafupi n'kutsitsa mawu. Akuti kubwera mayi wina woyendera malo a ntchito, amene amafufuza za ngozi, adzandifunsa mafunso. "Iwe usadzivute. Utsi umaiwalitsa. Ungoti sukukumbuka, basi. Ntchito yako ikukudikira, ndipo bwana mwa chifundo chawo avomera kuti mng'ono wako agwirizire makina ako."

Kenako anaseka n'kuti, "Komatu anthu akale ananena, pakadafunda padajiwitsa galu."

Galu. Munthu amene ananditumiza yekha kukagona kumeneko! Ndinatsegula pakamwa, panangotuluka mpweya. Iwo anati, "Eya, pumula," n'kundisisita phazi.

Atachoka a Wailesi anati, "Ameneyu ndi ndani, wonunkha mafuta a m'botolo ngati ukwati? Nthochi zakezo ndipatse, ine sindinamve kanthu." Ndawapatsa zonse. Atatha kudya anati, "Ndanama, ndamva zonse. Tandipatsa kopelo." Ndinachita manyazi koma ndinawapatsa. Anawerenga za Lachinayi. Kwa nthawi yoyamba chibwerere changa, a Wailesi anazima.

Lachiwiri, 10 Juni

Achotsa timapaipi ta mpweya. Mawu ayamba kutuluka, koma ngati chitseko chadzimbiri.

Adokotala akuti phewa lipola lokha, koma kuseri kwa dzanja ndi zala ziwiri kwapsa mozama. Achotsa khungu pantchafu n'kudzamata pamenepo. Ndinafunsa monong'ona ngati ndidzasokenso. Anati, "Tiona likagwira." Kolala imafuna manja awiri, limodzi kutsogolera, lina kukoka.

Amayi akondwa kuti mng'ono wanga wayamba ntchito. Fakitale yasamukira m'nyumba ina yosungiramo katundu, makina amene anapulumuka awaika kumeneko. Amayi akuti, "Waona, anthu aja si oipa." Ndinayang'ana kukhoma.

Lachinayi, 12 Juni

Osadya chilichonse kuyambira dzulo. Kufiyeta, kukandimata khungu lija. Pondikankha pabedi la mateyala wina anafuna kundifunditsa nsalu mpaka pachibwano, ndinaikankha ndi dzanja labwino. Anadabwa.

Lachisanu, 13 Juni

Ntchafu ikupweteka kuposa dzanja. Dzanja alimanga pakathabwa, lisagwedezeke masiku asanu. Ndasanza kawiri. Phala basi.

Lamulungu, 15 Juni

Wabwera mng'ono wanga, atavala epuloni yanga ya kuntchito ngakhale lero ndi Lamulungu. Ndi wamanyazi ngati ine ndemwe, koma lero amangomwetulira. Wabweretsa buledi wogula yekha.

Anafotokoza za makina, kuti singano ikumuthyokera, kuti a Sizasi akumuphunzitsa. Kenako anati, "Asisi, andipatsanso udindo wina. A Chisoti akubwera kumapeto a mwezi kudzaona malo atsopanowa, apo ayi satifiketi palibe. Ndiye a Kapitawo akuti belu likalira ine ndizikagona mosungira nsalu. Akuti za kumtundu. Anthu ayamba kale kundiitana Malemu Wamng'ono."

Amaseka ponena zimenezi.

Ndinamugwira mkono ndi mphamvu. Ndinati, "Ukakane."

"Ndikakane bwanji, ndangoyamba kumene? N'kungogona basi, asisi. Anzanga akuti ndili ndi mwayi, ndizipuma."

"Khomo lothawira ukulidziwa?"

"Akuti a machira ndi amene amalidziwa."

Ndinamuuza zonse ndi mawu anga adzimbiriwa, mpaka kukhosi kunalawa magazi. Anamvetsera, misozi inalengeza. Koma pomaliza anati, "Moto subwera kawiri pamalo amodzi. Ndipo amayi anati ndizimvera." Anatenga jumbo yake n'kumapita.

Fakitale yapsa, munthu wapsa, iwo chimene aphunzirapo n'chakuti pakufunika mtembo wina.

Lolemba, 16 Juni

Ndawauza amayi. Anapinda manja pamiyendo. "Mwana wanga, iwe uli pabedi. Uyo akachotsedwa tidya chiyani? Mayi wofufuzayo akabwera, unene zimene anakuuza a Kapitawo. Ife ndife anthu ang'onoang'ono."

Ndinati, "N'chifukwa chake amatisankha. Ndife opepuka kunyamula."

Sindinawayankhepo amayi chotero chibadwire.

Atapita, a Wailesi anati, "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, mtsikana. Usadikire a Sizasi ako kapena amayi ako. Komatu iwe ukayamba kulankhula uzikweza, ine ndili pano pomwe sindimakumva."

Ine kulankhula ndi munthu wa mu ofesi? Kusukulu aphunzitsi akandiloza ndinkalira. Ndinalekezera sitandade 7. A Kapitawo adzakhala ali pomwepo, a Chisoti ali ndi mapepala a sukulu, bwana ali ndi maloya. Adzamva za ndani?

Lachiwiri, 17 Juni

Amasula dzanja. Khungu lagwira, kupatula kachigawo ka pachala chamkombaphala. Likuoneka ngati chigamba cha nsalu ina pamalaya ena, ulusi wake ukuoneka. Ndikanasoka ine ndikanawongola bwino m'mphepetimo.

Anesi akuti mayi wofufuza uja waimba foni, abwera mawa.

Lachitatu, 18 Juni

Abwera cha m'ma teni, a Kapitawo ali pambuyo pawo atawanyamulira chikwama. Ndi mayi wamfupi, wa magalasi, nsapato zafulati. Anakhala pampando, a Kapitawo anaima kumiyendo kwa bedi.

Anandifunsa kuti ndikupeza bwanji. A Kapitawo anayankha kuti ndikupeza bwino. Anandifunsa ngati ndinaphunzitsidwa zothawa moto. A Kapitawo anati chaka chilichonse, sindinajombepo. Anandifunsa chimene ndinkachita mosungira nsalu. A Kapitawo anati, "Sakukumbuka, mayi. Utsi."

Ine maso ali pabulangete. Ndinaona mayi aja akutseka cholembera.

Pamenepo a Wailesi anayamba kumasula nsalu yawo n'kukuwa kuti, "Anesi! Bala langa likuyabwa, ndikuvula ine! Abambo amene muli muno, mukaona zimene muoneko musakandinenere kwa akazi anu!" Anesi anabwera akuthamanga. Sindikudziwa ngati anapangana. Anesiwo anati, "Bambo, wodi ya amayi ino, dikirani panja." A Kapitawo anafuna kukana, koma nsalu inali itafika kale pamawondo. Anatuluka chikwama chili m'manja.

Mayi aja anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Sanandifulumizitse.

Ndinati, "Sindinagone."

"Kwezani pang'ono, chemwali."

"Sindinagone tulo. Ndinagona chifukwa anandiuza kuti ndigone."

Ndinayamba ndi dzina la Malemu. Mawu amathawa, ndimamwa madzi, ndimapitiriza. Chitini, bulangete, kuwerenga mitu, zonse. Nditafika pa khomo limene sindinalionepo, anavula magalasi.

Anati, "Ndakumvani. Koma ndafunsa kale wophunzitsa uja, akuti iye sasiya munthu m'nyumba belu likulira, amangofotokoza pakamwa. Anzanu onse akuti sakudziwa. Pakali pano ndi mawu anu okha."

A Chisoti! Amene anasankha chipinda ndi chala chawo!

Ndiye ndinanena chinthu chimene sindinakonzekere. Ndinati, "Musandikhulupirire ine. Pitani kumalo atsopanowo tsiku limene sakukuyembekezani. Mukalize belu nokha. Musakapite pabwalo ndi anthu. Mukayang'ane mtsikana wa makina a makolala, mukaone kumene akathamangire."

"Ameneyo ndi ndani?"

"Mng'ono wanga."

Mayi aja anati, "Mukamuuza, sizitheka."

Ndinati ndikudziwa.

A Kapitawo atalowanso anandiyang'ana ndi diso lofunsa. Mayi aja anangoti, "Watopa, tiyeni." A Wailesi anali atafunda bwinobwino, akudya lalanje langa.

Lachinayi, 19 Juni

Kukhosi kwatupa chifukwa cha dzulo. Andipatsa mankhwala ovumata.

Mng'ono wanga anadutsa poweruka. Tinakambirana za singano. Ndinamuonetsa mmene angapindire nsonga ya kolala ndi chikhadabo. Za belu sindinatchule. Lamulungu ndinkamupempha kuti asakagone, lero ndikupempha mumtima kuti akagone. Zimene andichititsa anthu amenewa.

Nanga moto weniweni ukabwera mayi aja asanapite? Nanga akamuchotsa ntchito? Chakudya chabwerera osachikhudza.

Lachisanu, 20 Juni

Ayamba a mafizo, olimbitsa dzanja kuti ligwirenso ntchito. Kufinya kampira, kukhudza chala chilichonse ndi chala chachikulu. Ziwiri zikukana. Palibe wabwera.

Loweruka, 21 Juni

A Sizasi analowa m'wodi akulankhula asanafike n'komwe pabedi. "Malemu! Iwe Malemu, ndiwe mfiti!" Anesi anawauza kuti atsitse mawu, anatsitsa pang'ono pokha.

Akuti dzulo masana mayi aja anangotulukira, osapita ku ofesi, molunjika pa belu. Linalira. Anthu anasiya makina, ena akukuwa poti mantha a tsiku lija akadalipo. Onse pabwalo. A Kapitawo anawerenga, anafika kumapeto, n'kunena mokweza kuti, "Takwana!"

"Ndiye tangoima, mwanawe, tikudikira. Kenako tikuona mayi aja akutulukira pakhomo lakumbuyo, atagwira mng'ono wako padzanja, ulusi uli mbuu m'tsitsi. Anamupeza kuseri kwa mabelo, chagada, atatsinzina, manja pachifuwa. Akuti anamugwedeza, iye osatsegula maso n'kunong'ona kuti, kodi ndinu a machira?"

Mayi aja anafunsa a Kapitawo pamaso pa onse kuti, "Mwati mwakwana. Nanga uyu ndi wa fakitale iti?" A Kapitawo anayamba zoti mwanayu ndi watsopano, wasokonezeka. Ndiye a Sizasi akuti sakudziwa chimene chinawagwira. Anati, "Bodza, bambo! Mwamuuza nokha tonse tikumva, ngati mmene munkamuuzira mkulu wake!" Atatero wina anavomereza, kenako wina, kenako mmodzi wa a machira. Mayi aja analemba mpaka dzuwa kupendeka.

Ndinafunsa kuti, nanga mphika wanu waung'ono uja? Anati, "Usandikumbutse."

Atseka malowo mpaka aliyense ataphunzitsidwa ndi munthu wina, osati a Chisoti. A Chisoti aitanidwa ku ofesi ya mayi aja.

Ndimaganiza kuti ndikondwa. Koma ndikungoona mwana uja ali chagada, manja pachifuwa. Anaona dzanja langa, anamva zonse m'kamwa mwanga, komabe anakagona. Ndi mmene amationongera.

Lamulungu, 22 Juni

Abwera amayi ndi mng'ono wanga. Iye anaima patali, pafupi ndi zenera.

Anati, "Munkadziwa, asisi. Lachinayi munkandiphunzitsa makolala mukudziwa."

Ndinati ee.

"Anthu onse anandiona. Ulusi m'mutu ngati wamisala."

"Ine anandiona ndili pamachira enieni."

Amayi anati, "Tsopano fakitale yatsekedwa, ndiye mwapindula chiyani?" Anayankha ndi a Wailesi. Anati, "Mayi, mwapindula mwana. Muwerengeni, ali apoyo, ngwathunthu. Kapena mumafuna mabedi awiri muno? Ine sindisuntha, ndinafika kale."

Amayi anatsegula fulasiki, anathira tiyi m'makapu. Kapu yoyamba anapatsa a Wailesi. Potuluka anati, "Pampopi anthu asintha nkhani. Akuti sunagone." Ananena akuyang'ana kumbali.

Mng'ono wanga sanatsanzike.

Lachitatu, 25 Juni

Achotsa ulusi. Kachigawo kaja kakutsekeka kokha. A mafizo akuti zala ziwirizo mwina zidzapinda theka, zidalira khama langa. Andipatsa golovesi yothina yoti ndizivala miyezi yambiri, ndi mafuta opaka. Dzuwa lisamawombe pachigambapo.

A Sizasi abweranso. Fakitale itsegulidwa Lolemba. Kunabwera wophunzitsa wina, anayendetsa aliyense njira yothawira, mmodzimmodzi, mpaka bwana amene. Powerenga tsopano aziitana mayina, munthu aziyankha yekha. Wophunzitsayo anati ngati akufuna wovulala, asoke chidole. Ndiye a Sizasi anasoka. Anachidzaza zigamba, anachipatsa mimba yaikulu ndi kajekete. "Sindinanene kuti ndi ndani," akutero, "koma a machira akuti n'cholemera ngati a Kapitawo."

A Kapitawowo akadali pantchito. Bwana akuti anawadzudzula. Kudzudzula! Ine zala ziwiri, iwo kudzudzulidwa. Za ine akuti akuganizirabe ngati pali ntchito ya dzanja limodzi ndi theka. Mayi wofufuza uja anatumiza uthenga kuti nkhani yanga sinathe, ndidzapite ku ofesi yawo ndikatuluka. Ndidzapita. Ndidzakweza mawu.

Lachisanu, 27 Juni

Anditulutsa. Kubwera kudzatsukitsa bala Lachiwiri ndi Lachisanu, mafizo Lachinayi. Mapiritsi a ululu pokhapokha zikavuta.

A Wailesi atsala sabata ina. Akuti, "Ukupita, ndiye ndizilankhula ndi ndani? Iwe unali womvetsera wabwino, tsopano waonongeka, wayamba kuyankha."

Wabwera kudzanditenga ndi mng'ono wanga, yekha. Anapinda zovala zanga osalankhula. Kenako ali chowerama m'chikwama anati, "Mukatuluka pa makina a makolala, mumakhotera kumanzere, kudutsa tebulo la a Sizasi, khomo lake ndi lobiriwira, mumakankha chitsulo chopingasa. Ndadutsapo ndekha." Ndinati abwerezenso. Anabwereza.

Bambo wokankha odwala wabwera ndi mpando wa mateyala ndi bulangete, akuti ntchafu sinapole, andikankhe mpaka pageti. Ndamuthokoza. Ndamuuza kuti ndanyamulidwa mokwanira. Anati ndi kutali. Ndati angondilozera khomo.

Waima apo akundidikira kuti nditseke kope. A Wailesi akukuwa kuti wodi yonse imve: "Pisani njira, mtembo ukuyenda!"